KODI MAPULAGI A GALIMOTO ASINTHIDWE LITI?

TURF, Mhondoro-Ngezi.—Munthu wolawira m'mamawa pa mudzi wa Turf m'mwezi wa June, chisanu chikali pa udzu, amamva phokoso limene eni galimoto onse alidziwa. Ndilo phokoso la injini imene ilikuzungulira koma yosafuna kulira. Mwini wake apotoza kiyi kachiwiri, kachitatu, kufikira batire litalefuka. Kale akadaitana anyamata kuti amkankhe. Koma galimoto zambiri za masiku ano nzosintha magiya zokha, ndipo zotere sizilira ndi kukankha ai. Tsono munthuyo angoima, manja m'chiuno, nthawi ya nchito irikupita.

Akafunsidwa chimene chavuta, ena amaneneza batire, ena petulo, ena amati ndi kuzizira chabe. Koma kawirikawiri mlandu uli pa kanthu kakang'ono, kotalika ngati chala cha munthu, kobisika pamutu pa injini. Kanthuko ndiko pulagi. Funso lathu lero ndi limodzi: kodi mapulagi ayenera kusinthidwa liti? Yankho tilinene poyamba pomwe. Asinthidwe akakwana mtunda umene anapangidwira, galimoto isanayambe kudwala. Ndipo mtundawo umadziwika ndi chitsulo chimene chiri kunsonga kwao. Chodabwitsa nchakuti chitsulo choposa zonse pa nchito imeneyi chimakumbidwa pansi pa nthaka yomwe anthu a ku Turf alikupondapo.

DZIKO LA MIGODI

Turf ndi mudzi umene unakula chifukwa cha mgodi wa pulatinamu wa kampani ya Zimplats ku Ngezi, umene unayamba kukumbidwa m'chaka cha 2001. Mgodiwo uli pa mtandadza wa mapiri wotchedwa Great Dyke, wodutsa pakati pa dziko la Zimbabwe makilomita oposa 500. Kuchokera kumgodiko kuli mseu wa tala wa makilomita oposa 70 wonka ku Selous, kumene kuli ng'anjo yosungunulira miyala. Pa Selous munthu amalowa mu mseu waukulu wa pakati pa Harare ndi Bulawayo, umene umamfikitsa ku Chegutu ndi ku Kadoma.

Maina awiriwa ngachilendo kwa okalamba athu, pakuti kufikira chaka cha 1982 Chegutu anali Hartley, ndipo Kadoma anali Gatooma. Kumeneku ndiko kunafikira amuna ambiri a ku Nyasaland, ena pansi, ena pa malole a Ulere, kudzagwira nchito pa mgodi wa Cam and Motor ku Eiffel Flats, pa Dalny ku Chakari, ndi m'mafamu ozungulira. Iwo anadza ndi bulangeti ndi kasutikesi. Wokhala ndi njinga anali munthu womveka m'komboni. Ana ao ndi adzukulu ao akalipo m'dera lino, ndipo ambiri lero ali ndi galimoto zogwirapo kale nchito zochokera ku Japan, monga Honda Fit, Toyota Wish ndi Toyota Probox.

Kwa ena galimoto ndilo khasu lao: amanyamula anthu ndi katundu, nadyetsa ana ndi ndalama zimenezo. Kwa ena ndiyo imathamangitsa wodwala ku chipatala pakati pa usiku. Chifukwa chake nkhani ya mapulagi si ya amakaniko okha. Iri ya munthu ali yense amene banja lake lidalira injini.

NCHITO YA PULAGI

M'injini ya petulo muli tizipinda totchedwa masilinda, ndipo m'galimoto zazing'ono masilindawo amakhala anai, pena atatu. Petulo wosakanizika ndi mpweya amalowa m'silinda, pisitoni nimpanikiza, ndipo pa nthawi yake yeniyeni pulagi imalavula mbaliwali imene imayatsa petuloyo. Kuphulika kwake ndiko kumakankha pisitoni, pisitoni nizunguza injini.

Kunsonga kwa pulagi kuli tizitsulo tiwiri, kena kapakati, kena kokhota kochokera m'mbali. Pakati pa tiwirito pali kampata ka milimita imodzi, kapena kucheperapo pang'ono. Batire la galimoto liri ndi mphamvu ya ma volts 12 okha. Koyilo ndiyo imakweza mphamvuyo kufikira ma volts 10,000 mpaka 30,000, kuti magetsi akhoze kulumpha mpatawo.

Taonani kuchuluka kwa nchito yake. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, monga ichita galimoto yothamanga bwino pa mseu wa tala, pulagi iri yonse imayaka ka 1,500 pa mphindi imodzi, ndiko kuti ka 25 pa sekondi. Pa ulendo wa ola limodzi, monga wochokera ku Turf kufika ku Selous, pulagi imodzi yayaka ka 90,000. Mbaliwali iri yonse imadyako kachitsulo kosaoneka ndi maso. Pang'onopang'ono mpata uja umakula, nsonga zimene zinali zakuthwa zimabuntha, ndipo magetsi amafuna mphamvu yoonjezera kuti alumphe. Tsiku lina amalephera, petulo natuluka wosapsa.

Awerengi okhala ndi galimoto za dizilo adziwe kuti nkhaniyi siikhudza iwo. Dizilo amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa, ndipo mapulagi a injini zotere ngongotenthetsa silinda polizira m'mawa.

LAMULO LA MAKOLO

Pulagi si chinthu cha dzulo. Étienne Lenoir anaigwiritsa nchito m'injini yake ya gasi ku Paris m'chaka cha 1860, ndipo m'chaka cha 1902 Gottlob Honold, wa pa kampani ya Robert Bosch ku Stuttgart, anakonza makina a magetsi amphamvu amene anachititsa kuti pulagi ikhale yodalirika m'galimoto.

M'masiku a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 kufikira 1963, m'miseu ya Gatooma munali kuyenda Morris Minor, Ford Zephyr, Peugeot 403 ndi Volkswagen. Lamulo la amakaniko a nthawi imeneyo linali lakuti mapulagi atsukidwe ndi kulinganizidwa mpata pa mamailosi 5,000, ndipo atayidwe pa mamailosi 10,000, ndiwo makilomita 16,000. Lamulolo linali ndi chifukwa chake. Petulo wa masiku amenewo anali kuthiridwa mtovu, umene unali kusiya zinyalala pa nsonga ya pulagi. Ndiponso kabureta inali kupereka petulo mosayesa bwino, kotero kuti mapulagi anali kuda msanga ndi mwaye.

Zinthu ziwirizi zinasintha. Petulo wa mtovu analekeka m'maiko a kumwera kwa Sahara poyamba pa chaka cha 2006, ndipo dziko lotsiriza kumgulitsa, la Algeria, linaleka mu 2021. M'galimoto za lero kompyuta ndiyo imayesa petulo wolowa m'silinda. Chotero mwana amene asunga lamulo la atate wake pa galimoto iri yonse akhoza kutaya mapulagi amoyo. Koma alipo ena olakwa koposa, amene anamva kuti mapulagi atsopano safa, nayenda zaka zisanu osatsegula boneti. Onse awiri asokera, chifukwa sanafunse mtundu wa pulagi iri m'injini mwao.

CHITSULO CHA KU NGEZI

Mapulagi alipo a mitundu itatu. Woyamba ndiwo wamba, wotsika mtengo, umene anthu amautcha wa kopa. Kopayo ali m'kati. Nsonga imene imakumana ndi moto nja chitsulo cha nikelo, chimene chimasungunuka pa madigiri 1,455. Wachiwiri uli ndi kadontho ka pulatinamu kunsonga, chitsulo chosungunuka pa madigiri 1,768. Wachitatu ngwa iridiyamu, chitsulo cholimba kwambiri chosungunuka pa madigiri 2,446, chimene chinayamba kuikidwa m'mapulagi a galimoto m'zaka za m'ma 1990. Popeza iridiyamu sadyeka msanga, nsonga yake imapangidwa yopyapyala ngati singano, yosafika milimita imodzi, ndipo nsonga yotere imayaka ndi mphamvu yochepa.

Pulatinamu ndi iridiyamu ndi zitsulo zapachibale, zopezeka m'mwala umodzi, ndipo mwalawo ndiwo umene ulikukumbidwa ku Ngezi. M'tani yathunthu ya mwala mumatuluka magalamu osafika 4 a zitsulo zamtengo zonse pamodzi, ndipo iridiyamu ndi kachigawo kakang'ono ka magalamu amenewo. Dziko lonse lapansi silitulutsa matani 10 a iridiyamu pa chaka. Zosungunulidwa ku Selous zimapita ku South Africa kukayengedwa, ndipo kuchokera kumeneko zimagulitsidwa ku maiko akutali. Zimbabwe ali wachitatu pa maiko okumba pulatinamu, pambuyo pa South Africa ndi Russia. Tsono munthu wa pa mgodi akadandaula kuti pulagi ya iridiyamu yakwera mtengo, akumbukire thukuta limene iye mwini amakhetsa pofukula matani a miyala chifukwa cha magalamu owerengeka.

Nanga mtunda wake? Kampani ya NGK ya ku Japan, imodzi mwa zazikulu zopanga mapulagi, imalangiza kwao kuti pulagi wamba isinthidwe pa makilomita 15,000 mpaka 20,000. Mabuku a galimoto zina amalola kufikira 30,000. Pulagi imene iri ndi chitsulo chamtengo pa nsonga zonse ziwiri, yapakati ndi yokhota, imafika makilomita 100,000. Koma apa pali msampha. Ilipo pulagi ya iridiyamu imene iri ndi chitsulocho pa nsonga yapakati pokha, yokhotayo niikhala ya nikelo. Yotereyi imayaka bwino, koma kachitsulo kokhota kamadyeka monga ka pulagi wamba, ndipo kampaniyo imaiwerengera mtunda wa pulagi wamba. Dzina lakuti iridiyamu pa bokosi silikwanira. Wogula afunse ngati nsonga zonse ziwiri ziri ndi chitsulo chamtengo. Safunsa anadya phula.

Mtunda umenewu uchepetsedwe pa galimoto imene imaima nthawi yaitali injini irikulira, monga zija zodikira anthu pa siteji, pakuti pamenepo mapulagi alikuyaka koma makilomita salikuwerengeka. Ndipo wogula galimoto yochokera kunja, yopanda buku la mbiri yake, asakhulupirire nambala ya makilomita yokha. Amasule mapulagi mwezi woyamba womwewo, awaone ndi maso.

GALIMOTO YA MAPULAGI ASANU NDI ATATU

Eni Honda Fit amve ichi. Fit yoyamba, imene inatuluka ku Japan m'chaka cha 2001, iri ndi injini yotchedwa i-DSI pa zambiri za izo. Injiniyo iri ndi masilinda anai, koma mapulagi 8, pakuti silinda iri yonse iri ndi awiri: ina kutsogolo, ina kumbuyo. Anai akutsogolo amaoneka munthu akangotsegula boneti; anai akumbuyo ali pobisika, ndipo kuwafikira nkovuta pang'ono.

Chimene chimachitika nchodziwika m'magalaja ambiri. Mwini galimoto agula mapulagi anai, awamanga kutsogolo, nakondwa kuti watha nchito, pamene akumbuyo ali omwe aja anabwera nao pa sitima. Galimoto ipitirira kunjenjemera ndi kumwa petulo, iye nayamba kuneneza giya kapena pampu. Wopita ndi Fit yotere ku galaja awerenge yekha mapulagi akale amene achotsedwa. Akhale 8.

PULAGI IMAIMBA NG'OMA

Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma, koma pulagi yotopa imaimba ndithu, kungoti eni ake samva. Chizindikiro choyamba ndicho kuvuta kulira m'mawa. Chachiwiri, injini imanjenjemera galimoto itaima, chiongolero nichigwedezeka m'manja. Chachitatu, pokwera chitunda kapena popitirira lole, galimoto imadukiza mphamvu ngati munthu wa ntchofu; amakaniko amati injini irikumisa. Chachinai, petulo amene anali kufika ku Kadoma ndi kubwerako ayamba kuthera panjira. Chachisanu, kanyali kachikasu ka injini kamayaka. Ndipo kakayamba kuphethira, ndiko kunena kuti silinda ina siirikuyaka, woyendetsa achepetse liwiro, nafune makaniko tsiku lomwelo.

Zizindikiro zimenezi zikhoza kubadwanso ndi matenda ena, monga koyilo yakufa kapena sefa yotsekeka. Chifukwa chake munthu wanzeru amamasula pulagi ndi kuyang'ana nkhope yake, pakuti pulagi ndiyo mboni yokha imene imakhala m'kati mwa moto.

Nsonga ikakhala yotuwa kapena yofiirira pang'ono ngati dothi louma, injini iri bwino; chotsala nkuyesa mpata ndi kuona ngati tizitsulo tabuntha. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, petulo walowa wambiri kapena mpweya wachepa; m'dziko la fumbi ngati Mhondoro, woyamba kufunsidwa akhale sefa ya mpweya. Ikakhala yakuda ndi yonyowa ndi oyilo, vuto liri m'kati mwa injini, pa maring'i a pisitoni kapena pa mavavu, ndipo pulagi yatsopano idzangobisa matendawo masabata owerengeka. Ikakhala yoyera mbuu, yotupa matuza kapena yosungunuka, injini irikutentha koposa muyeso, kapena pulagiyo si ya injini imeneyo. Pamenepo galimoto isayende ulendo wautali, kuopa kubooka kwa pisitoni. Ndipo dothi loyera la pulagi likakhala ndi mng'alu, pulagiyo yatha, ngakhale iri ya dzulo.

Mapulagi akamasulidwa aikidwe pa mzere monga anakhalira m'injini. Imodzi ikasiyana ndi zinzake, yanena silinda imene irikudwala.

MTENGO WA KUZENGEREZA

Ena amati: galimoto ikali kuyenda, ndidzagula ikadzafa. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mpata wa pulagi ukakula, koyilo imakakamizidwa kutulutsa mphamvu yoposa, niitentha, niipsa. M'galimoto zambiri za lero pulagi iri yonse iri ndi koyilo yakeyake, ndipo koyilo imodzi imadya ndalama zogulira mapulagi wamba angapo. Sitata ndi batire nazonso zimatha msanga chifukwa cha kuzunguza injini yokana m'mawa uli wonse.

Choopsa china chiri ku ekizosi. Kumeneko kuli chitini chosefa utsi, chimene m'kati mwake munapakidwa pulatinamu, paladiyamu ndi rodiyamu, zitsulo za m'mwala womwewo wa ku Ngezi. Petulo wosapsa akafika m'menemo amayaka, nasungunula zam'kati, ndipo chitinicho chiri pakati pa zipangizo zodula kwambiri pa galimoto yaing'ono. Munthu amene anakana kugula kadontho ka chitsulo kunsonga kwa pulagi adzalipira chitsulo chomwecho kumbuyo kwa galimoto, ndi ndalama zochuluka koposa.

Ndipo pali mtengo wina wosawerengeka ndi ndalama. Pakati pa Turf ndi Selous pali mitunda yaitali yopanda galaja. Galimoto siisankha tsiku lofera. Ikhoza kukana usiku umene mai wapakati alikubuula kumpando wakumbuyo.

POGULA NDI POMANGA

Pulagi iri yonse iri ndi nambala yolembedwa pa dothi lake loyera. Nambalayo imanena kutalika kwake, kukula kwa mpata, ndi muyeso wa kutentha umene ipirira. Pulagi yotalika koposa ikhoza kugundana ndi pisitoni. Yozizira koposa imada ndi mwaye. Yotentha koposa imayatsa petulo nthawi isanakwane. Makampani sawerenga mofanana: kwa NGK nambala yaikulu itanthauza pulagi yozizira, kwa Bosch itanthauza yotentha. Chotero wogula atenge nambala ya m'buku la galimoto, asangoyerekeza ndi maso.

Achenjerenso ndi mapulagi onyenga, amene makampani enieni akhala akuchenjeza anthu za iwo. Bokosi limakhala lokongola, dzina liri lomwelo, koma kansonga kake si ka iridiyamu, ndipo kakhoza kusungunuka kapena kuthothokera m'silinda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pulagi ya iridiyamu yogulitsidwa pa mtengo wa pulagi wamba ikayikidwe; igulidwe m'sitolo yopereka lisiti.

Pomanga, injini ikhale yozizira, pakuti mutu wa injini za lero ngwa aluminiyamu, chitsulo chofewa. Fumbi la m'dzenje la pulagi liuziridwe kunja pulagi isanamasulidwe, lingagwere m'silinda. Yatsopano iyambe kupotedwa ndi dzanja. Ikalimba poyamba pomwe, yalowa mopingasa, ibwezedwe. Ikafika pansi, sipanala iipotoze theka la kuzungulira kapena kupitirira pang'ono, monga zalembedwa pa bokosi, osati ndi mphamvu zonse za mwamuna. Mapulagi asinthidwe onse pamodzi, a mtundu umodzi. Ndipo nsonga ya iridiyamu isapalidwe ndi sandipepala kapena burashi yawaya monga anali kuchitira makolo ndi mapulagi a Zephyr, chifukwa kansonga kopyapyala kaja sikachedwa kuthyoka.

MAU OTSIRIZA

Abale a ku Turf, Chegutu ndi Kadoma, chida choposa zonse pa nkhaniyi si sipanala, koma kabuku ndi pensulo. Tsiku losintha mapulagi lembani nambala ya makilomita, mtundu wa mapulagi, ndi makilomita amene adzasinthidwenso. Ngati ali wamba, onjezani 20,000. Ngati ali ndi chitsulo chamtengo pa nsonga zonse ziwiri, onjezani 100,000, pokhapokha buku la galimoto yanu litanena zina. Kabukuko kakhale m'galimoto momwemo, kuti mkazi wanu, mwana wanu kapena dalaivala wanu akaone.

Munthu wa pa mgodi salowa pansi osayesa nyali yake, ndipo sadikira kuti izime ndiye aikonze. Achite chomwecho ndi moto wa m'injini yake. June asanafike, atsegule boneti.